Zida Zopita ku Ukraine: Amavomereza Ndani, Nanga Zimachedweranji?

Pa 24 Febuluwale 2022 asilikali a Russia analowa m'dziko la Ukraine kudzera kumpoto, kum'mawa ndi kum'mwera. Russia ili ndi anthu oposa 140 miliyoni, mafuta, mafakitale a zida ndiponso mabomba a nyukiliya. Ukraine inali ndi anthu ongopitirira pang'ono 40 miliyoni, ndipo zida zake zambiri zinali zakale, zotsala pamene Soviet Union inatha. Chimene chinaimika dzikoli, choyamba ndi kulimba mtima kwa eni ake. Chachiwiri ndi zida zochokera kunja, ndipo pa zida zikuluzikulu palibe n'chimodzi chomwe chimene chinafika anthu asanakanganirane kaye m'misonkhano.

Dziko likathiridwa nkhondo, anzake samangolipatsa zida? Zokambirana n'zachiyani?

Lamulo sililetsa. Gawo 51 la pangano limene linakhazikitsa bungwe la United Nations limalola dziko kudziteteza, palokha kapena mothandizidwa ndi ena. Koma palibe lamulo lokakamiza enawo kuthandiza. Ukraine si membala wa NATO, choncho lonjezo la m'Gawo 5 la bungwelo, loti woputa mmodzi waputa onse, siliikhudza. Chilichonse chimene imalandira chimadalira kuti woperekayo wawerengera bwanji phindu lake, mantha ake ndi mavoti a kwawo.

Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Dziko likagula chida chankhondo, silikhala nacho ufulu wonse, chifukwa wopanga amasainitsa wogula kuti sadzachipereka kwa wina popanda chilolezo. Mu Januwale 2022, nkhondo ikununkhira, Estonia inafuna kupatsa Ukraine mfuti zikuluzikulu zakale zimene poyamba zinali za East Germany, zinagulitsidwa ku Finland, kenako n'kufika ku Estonia. Boma la Germany linakhalira chilolezocho mpaka nkhondo itayamba. M'malo mwake linalonjeza zipewa zachitsulo 5,000, zimene zinachititsa meya wa Kyiv, Vitali Klitschko, kufunsa monyogodola ngati ulendo wotsatira adzatumiza mapilo. Patangopita miyezi yochepa, Germany yomweyo inazilawa. Inapereka magalimoto owombera ndege otchedwa Gepard, koma zina mwa zipolopolo zake zinapangidwa ku Switzerland, ndipo Switzerland, dziko lodziwika ndi kusalowerera nkhondo za eni, inakana kuti zitumizidwe. Kampani ya Rheinmetall inachita kuyamba kuzipanga ku Germany konko. South Korea nayo, posafuna kuoneka kuti ikutumiza zida kumene kuli nkhondo, inagulitsa zipolopolo kwa America, ndipo izi zinapatsa America mpata wotumiza zake ku Ukraine. Ntchito yaikulu ya akazembe ndi nduna pa nkhaniyi ndi yotere: kupezera njira chida chimene mwini wake sakufuna kuti dzina lake lioneke.

Paja Ukraine inali ndi zida za nyukiliya. Zinapita kuti, ndipo inalonjezedwa chiyani?

Soviet Union itagawikana mu 1991, m'dziko la Ukraine munatsala zida za nyukiliya zochuluka moti dzikolo linali lachitatu pa dziko lonse, ngakhale kuti makiyi oziwombera anali ku Moscow. Pa 5 Disembala 1994, mumzinda wa Budapest, Ukraine inavomera kuzitaya, ndipo America, Britain ndi Russia anasaina kuti adzalemekeza malire ake ndipo sadzaiopseza ndi nkhondo. M'chikalatacho munalibe mzere wonena kuti wina adzatumiza asilikali kapena zida pangano likaphwanyidwa. Munali lonjezo lokambirana ndi lokadandaula ku United Nations, kumene Russia ili ndi mphamvu yokana chigamulo chilichonse cha komiti yoona zachitetezo.

Mu 2008, pa msonkhano wa ku Bucharest, atsogoleri a NATO analengeza kuti Ukraine ndi Georgia adzakhala mamembala, koma sanatchule tsiku kapena njira. George W. Bush wa ku America ankafuna kuti ndondomekoyo iyambe, Angela Merkel wa ku Germany ndi Nicolas Sarkozy wa ku France anakana, ndipo zimene anagwirizana zinali zokwanira kukwiyitsa Russia koma zosakwanira kuteteza aliyense. Mu Malichi 2014 Russia inalanda Crimea, nkhondo n'kubuka ku Donbas. Barack Obama anatumiza zinthu monga magalimoto, zida zoonera usiku ndi aphunzitsi a usilikali, koma zida zophera anakana. Mizinga yophwanyira akasinja yotchedwa Javelin anadzaivomereza ndi Donald Trump kumapeto kwa 2017. Trump yemweyo mu 2019 anaimitsa thandizo la pafupifupi madola 400 miliyoni pa nthawi imene ankapempha pulezidenti wa Ukraine, Volodymyr Zelensky, kuti afufuze banja la Joe Biden, nkhani imene inachititsa kuti aphungu amuimbe mlandu mu Disembala chaka chomwecho. Choncho anthu a ku Kyiv anadziwa kale, nkhondo yaikulu isanayambe, kuti zida zawo zikhoza kukodwa m'ndale za ku Washington.

Zokambiranazi zimachitikira kuti?

Malo odziwika kwambiri ndi Ramstein, bwalo la ndege zankhondo la America limene lili ku Germany. Pa 26 Epulo 2022 nduna ya zachitetezo ya America, Lloyd Austin, anaitanira kumeneko mayiko oposa 40, ndipo gululo linakula kufika pa mayiko pafupifupi 50, kuphatikizapo ena amene si a NATO monga Japan ndi Australia. Kwa nthawi yaitali linkakumana pafupifupi mwezi uliwonse. Nduna ya Ukraine imafika ndi mndandanda wa zosowa, akuluakulu a asilikali amafotokoza mmene nkhondo ikuyendera, ndipo dziko lililonse limanena chimene lingathe.

Anachita dala kusaika gululi pansi pa NATO. Ankafuna kuti zizioneka kuti opereka ndi mayiko paokhapaokha, kuti Russia isapeze ponenera kuti ikumenyana ndi bungwelo. Katundu wambiri amatsikira pa bwalo la ndege la Rzeszów kum'mwera chakum'mawa kwa Poland, n'kuwoloka malire pa malole ndi sitima zapamtunda. Koma zigamulo zenizeni sizimangidwa m'chipinda chachikulucho. Zimamangidwa pa foni pakati pa atsogoleri awiri kapena atatu, ku Ramstein n'kungokalengeza.

N'chifukwa chiyani chida chachikulu chilichonse chimayamba chakanidwa, kenako n'kudzavomerezedwa?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Taonani mmene zakhala zikuyendera. Mu Malichi 2022 Poland inati ili yokonzeka kupereka ndege zake za MiG-29 kudzera ku Ramstein, America inakana, ndipo Poland ndi Slovakia anadzazipereka patatha chaka. Mizinga ya HIMARS inafika mu Juni 2022 koma ndi zipolopolo zouluka makilomita pafupifupi 80 okha, komanso ndi lamulo loti asawombere m'dziko la Russia. Chida chogwetsera mizinga cha Patriot chinalonjezedwa mu Disembala 2022, Russia itatha kale miyezi iwiri ikuphwanya malo opangira magetsi. Za ndege za F-16, Biden anavomera ku Hiroshima mu Meyi 2023 kuti oyendetsa ayambe kuphunzitsidwa, Netherlands ndi Denmark analonjeza ndegezo mu Ogasiti, ndipo zoyamba zinaoneka ku Ukraine chaka chinanso chitatha. Mizinga yopita kutali ya ATACMS inafika mu Okutobala 2023, koma chilolezo choiwombera mkati mwa Russia chinatuluka mu Novembala 2024.

Nkhani ya akasinja ndiyo imaonetsa bwino chimene chimachitika mkatimo. Mayiko ambiri a ku Ulaya ali ndi akasinja a Leopard 2, opangidwa ku Germany, choncho palibe akanawapereka popanda Berlin kuvomera. Olaf Scholz, mtsogoleri wa Germany pa nthawiyo, sankafuna kuti dziko lake likhale loyamba kutumiza akasinja okamenyana ndi Russia. Mbiri ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse imalemera kwambiri pa ndale za ku Germany, ndipo iye ankafuna kuti America ikhale nawo limodzi, kuti zikavuta asatsale yekha. America inkati akasinja ake a Abrams ndi ovuta kusamalira ndipo amamwa mafuta kwambiri. Britain inayesa kuwachititsa manyazi polonjeza akasinja ake 14 a Challenger 2. Poland inaopseza kuti ipereka ake chilolezo chilipo kapena palibe. Msonkhano wa ku Ramstein wa pa 20 Januwale 2023 unatha popanda chogwirizana. Patapita masiku asanu, pa 25 Januwale, Scholz analengeza akasinja 14 a Leopard 2 n'kumasula chilolezo kwa ena, ndipo tsiku lomwelo Biden analengeza a Abrams 31. A Abramswo anafika mu Seputembala. Ntchito yawo yaikulu anali atagwira kale pa tsiku lolengeza lija: kulimbitsa mtima Scholz.

Tsono werengani nthawi. Mu Seputembala 2022 Ukraine inathamangitsa asilikali a Russia m'chigawo cha Kharkiv, ndipo pa 11 Novembala inalowanso mumzinda wa Kherson. Imeneyo inali nthawi imene Russia inali yofooka kwambiri. M'miyezi yotsatira, pamene abwenzi a Ukraine ankakangana za akasinja, Russia inali kukumba ngalande ndi kukwirira mabomba m'minda ya ku Zaporizhzhia, mizeremizere. Ukraine itayamba kukankha mu Juni 2023, akasinja atsopano aja anakakodwa m'mabomba amenewo, opanda ndege zowateteza kumwamba. Sindikunena kuti akasinja akanafika msanga nkhondo ikanatha, chifukwa zimenezo palibe angazitsimikize. Koma chida chomwecho chikafika mdani atakonzeka sichigwiranso ntchito imene chikanagwira, ndipo ochedwetsa sanali amene ankalipira kuchedwako.

Koma mantha a nyukiliya si enieni kodi?

Ndi enieni, ndipo wowaseka sanaganize mokwanira. Pa 21 Seputembala 2022, polengeza kuti aitana amuna 300,000 ku usilikali, pulezidenti wa Russia, Vladimir Putin, anachenjeza kuti adzagwiritsa ntchito chida chilichonse chimene ali nacho ndipo anatsindika kuti sakungoopseza. Pa 15 Novembala chaka chomwecho mzinga unagwera m'mudzi wa Przewodów ku Poland n'kupha anthu awiri. Kwa maola angapo dziko linagwira mtima, poganiza kuti Russia yawombera membala wa NATO, mpaka zitadziwika kuti unali mzinga wa Ukraine wogwetsera mizinga ina umene unasochera. Mtsogoleri amene anadutsa usiku ngati umenewo sitingamudzudzule chifukwa chosamala.

Chovuta n'chakuti malire ambiri amene Moscow inkati asadumphidwe anadumphidwa, ndipo chimene chinkaopedwa sichinachitike. Akasinja anafika, ndege zinafika, mu Ogasiti 2024 asilikali a Ukraine analowa m'chigawo cha Kursk ku Russia kwenikweniko. ATACMS italoledwa kuwombera mkati mwa Russia, Putin anasintha malamulo ake a nyukiliya ndi kuwombera mzinda wa Dnipro ndi mzinga watsopano wotchedwa Oreshnik, koma wopanda bomba la nyukiliya. A boma la Biden amayankha kuti kupita pang'onopang'ono n'kumene kunachititsa kuti Russia isachite zoopsa. Akhoza kukhala ndi mfundo pa miyezi yoyambirira. Koma pofika mu 2023 kusamalako kunali kutasanduka chizolowezi, ndipo Moscow inali itazindikira kuti kungoopseza kumaipatsa miyezi ingapo yaulere. Scholz anachoka pampando mu 2025 akukanabe kupereka mizinga ya Taurus, ngakhale kuti Britain ndi France anali atapereka kale yawo yofanana nayo kuyambira 2023.

Timamva za mabiliyoni. Ndalamazo zimapita m'manja mwa boma la Ukraine?

Zambiri za zida sizipitako. Nyumba ya malamulo ya America inavomereza pafupifupi madola 175 biliyoni m'malamulo asanu pakati pa 2022 ndi 2024, koma m'menemo muli thandizo la chuma, la othawa kwawo ndi ndalama zoyendetsera asilikali a America ku Ulaya. Pa zida panali njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba, pulezidenti ankatenga zida m'nkhokwe za asilikali ake n'kutumiza, ndalama n'kupita kukagula zatsopano zobwezera. Yachiwiri, boma linkaitanitsa zida zatsopano ku makampani, zimene zimatenga miyezi kapena zaka. Njira zonse ziwiri zinkathera m'mafakitale a ku America, monga ya zipolopolo ku Scranton m'chigawo cha Pennsylvania, imene Zelensky anakaiyendera mu Seputembala 2024. Ochirikiza thandizoli ankaikonda mfundo imeneyi pokopa aphungu okayikira.

Mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya wa EU unachita chinthu chimene unali usanachitepo: patangopita masiku ochepa nkhondo itayamba, unapatula mayuro 450 miliyoni olipirira zida zophera. Palinso chuma cha banki yaikulu ya Russia cha pafupifupi madola 300 biliyoni chimene chinatsekeredwa kunja, chambiri chili ku kampani ya Euroclear ku Belgium. Mu Juni 2024 mayiko a G7 anagwirizana zobwereketsa Ukraine madola 50 biliyoni, oti azibwezedwa ndi phindu lochokera pa chumacho. Kulanda chuma chenichenicho ndiye kwavuta, makamaka chifukwa Belgium ikuopa kudzatsala yokha ndi milandu.

Ndiye munthu mmodzi angathe kuimitsa zonsezi?

Angathe, ndipo zachitika mbali zonse ziwiri za nyanja ya Atlantic. Mu Okutobala 2023 Biden anapempha ndalama zina. Aphungu a chipani cha Republican anati ayambe wakhwimitsa malire a dziko lawo ndi Mexico, ndipo sipikala Mike Johnson anakhala miyezi osabweretsa nkhaniyo kuti ivoteredwe. Itabwera pa 20 Epulo 2024, inadutsa ndi mavoti 311 kwa 112. Mavoti analipo nthawi yonseyo, chimene chinkasowa ndi munthu mmodzi kulola kuti awerengedwe. Thandizo la madola pafupifupi 61 biliyoni linasainidwa pa 24 Epulo. Koma mu Febuluwale asilikali a Ukraine anali atachoka kale m'tauni ya Avdiivka, akuwerengetsera zipolopolo.

Ku EU zigamulo zotere zimafuna kuti mayiko onse 27 avomere, ndipo Viktor Orbán wa ku Hungary anagwiritsa ntchito mphamvu imeneyi mobwerezabwereza. Mu Disembala 2023, pofuna kutsegula zokambirana zoti Ukraine idzalowe mu EU, Scholz anapempha Orbán kuti atuluke kaye akamwe khofi, ena 26 n'kuvomereza iye kulibe. Usiku womwewo Orbán anabwerera n'kukana thandizo la mayuro 50 biliyoni, limene linadzavomerezedwa pa 1 Febuluwale 2024. Ku Slovakia, dziko limene linali m'gulu la oyamba kupereka ndege, Robert Fico atapambana zisankho mu 2023 anaimitsa kutumiza zida za m'nkhokwe za boma.

Ngati ndalama zilipo, bwanji osangogula zida zambiri?

Chifukwa kulibe kozigula. Nkhondo isanayambe, America inkapanga zipolopolo za mfuti zikuluzikulu za mamilimita 155 pafupifupi 14,000 pa mwezi, zimene Ukraine ikanatha kuziwombera m'masiku ochepa. Mayiko a azungu anatha zaka 30 akukonzekera nkhondo zing'onozing'ono zakutali, mafakitale n'kuchepa. Mu Malichi 2023 EU inalonjeza zipolopolo miliyoni imodzi m'chaka chimodzi, koma chakacho chitatha inali itapereka pafupifupi theka. Mu Febuluwale 2024 pulezidenti wa Czech Republic, Petr Pavel, amene kale anali mkulu wa asilikali, ananena ku Munich kuti dziko lake lapeza zipolopolo 800,000 zogulika kunja kwa Ulaya ngati ena asonkha ndalama. Ogulitsawo sanatchulidwe mayina, ndipo chinsinsicho chinali mbali ya malondawo, chifukwa ena mwa iwo safuna kuyambana ndi Moscow.

Onjezanipo mutu wina wopweteka. Mfuti zakale za Ukraine zimadya zipolopolo za mamilimita 152, za NATO za 155. Dziko lililonse linapereka mtundu wake wa mfuti ndi magalimoto, uliwonse ndi zitsulo zake zosinthira ndi amakaniki ake, moti zambiri zikawonongeka zimabwerera ku Poland, Slovakia kapena Lithuania kukakonzedwa.

Zinasintha bwanji Trump atabwerera mu 2025?

Zinasintha kuchokera pa kupatsa kupita pa kugulitsa. Mu Febuluwale 2025 msonkhano wa gulu la Ramstein unatsogoleredwa koyamba ndi munthu wosakhala wa ku America, nduna ya Britain John Healey, ndipo kenako Britain ndi Germany anatenga udindowo. Pa 28 Febuluwale Trump ndi wachiwiri wake JD Vance anakangana ndi Zelensky pamaso pa atolankhani ku White House. Masiku ochepa pambuyo pake America inaimitsa zida, n'kuimitsanso kuuza Ukraine zimene akazitape ndi masetilaiti ake akuona. Zonse zinayambiranso pa 11 Malichi, Ukraine itavomera ku Jeddah ganizo loleka kuwomberana kwa masiku 30, limene Russia sinavomere. Phunziro linamveka ku Ulaya konse: zida zikhoza kugwiritsidwa ntchito pokakamiza mnzako amene ukumuthandizayo. Pa 30 Epulo mayiko awiriwa anasaina pangano logawana phindu la miyala ya mtengo wapatali ya ku Ukraine.

Pa 14 Julayi 2025 Trump ndi mlembi wamkulu wa NATO, Mark Rutte, analengeza njira yatsopano: Ukraine inena zimene ikusowa, mayiko a ku Ulaya ndi Canada alipira, America igulitsa. Netherlands inali yoyamba, ndi mayuro 500 miliyoni. Malinga ndi bungwe la Kiel Institute la ku Germany, limene limawerengera thandizoli, pofika pakati pa 2025 mayiko a ku Ulaya akaphatikizidwa anali atapitirira America ngakhale pa thandizo la zida.

Nanga Russia imati chiyani, ndipo iyo imathandizidwa ndi ndani?

Russia imati zida zakunja zikungotalikitsa nkhondo ndi kuonjezera maliro, ndiponso kuti NATO ikumenya Russia pogwiritsa ntchito magazi a anthu a ku Ukraine. Pa zokambirana za mtendere, zidazo ndi gawo la mtengo umene imafuna. Pa zokambirana za ku Istanbul mu 2022, Ukraine inali yokonzeka kusalowa NATO malinga mayiko akuluakulu atalonjeza kuiteteza. Russia inafuna kuti asilikali a Ukraine asapitirire 85,000, pamene Ukraine inkanena 250,000, ndipo inafunanso kuti mayiko otetezawo asachite kanthu popanda onse kuvomera, Russia yomwe ili m'gulumo. Kunena kwina, woukira akanakhala ndi mphamvu yoletsa thandizo kwa woukiridwa. Mu Malichi 2025, Putin atalankhula ndi Trump pa foni, boma la Russia linanenanso kuti thandizo lonse la zida ndi la ukazitape liyenera kutha kuti nkhondo ithe.

Koma nayo Russia simenya yokha. Iran inaipatsa madroni a Shahed ndi luso lowapangira. North Korea inatumiza zipolopolo zambirimbiri ndi mizinga, ndipo kumapeto kwa 2024 inatumiza asilikali ake ku Kursk. China imakana kuti imapereka zida, koma imagula mafuta ndi kugulitsa makina ndi tizipangizo tamagetsi timene timalowa m'zida. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Pyongyang kulibe sipikala wokhalira pempho miyezi isanu ndi umodzi.

Ukraine inasaina mapangano achitetezo ndi mayiko ambiri. Amenewo si chitetezo?

Pa msonkhano wa NATO ku Vilnius mu Julayi 2023, Ukraine sinapatsidwe tsiku lolowera, ndipo mayiko a G7 anapereka china m'malo mwake: dziko lililonse lidzasaina pangano lakelake. Britain inayamba mu Januwale 2024, America inasaina la zaka 10 mu Juni, ndipo mayiko onse amene anasaina anaposa 20. Mapanganowa amalonjeza zida, maphunziro, ndi kukambirana mwamsanga Russia ikadzaukiranso. Palibe limene limalonjeza asilikali. La America silinapite ku nyumba ya Senate kukavomerezedwa, choncho pulezidenti aliyense akhoza kulisiya atapereka chidziwitso. Anthu amene anaona zimene chikalata cha ku Budapest chinawachitira amadziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. N'chifukwa chake Kyiv imalimbikira kwambiri pa zida zoti zifike tsopano kuposa pa siginecha.

Keir Starmer wa ku Britain ndi Emmanuel Macron wa ku France anasonkhanitsa mu 2025 gulu la mayiko ofuna kudzatumiza asilikali kapena thandizo lina nkhondo ikadzaima, ndipo mu Seputembala Macron anati mayiko 26 avomera. Tsiku lotsatira Putin anayankha ali ku Vladivostok kuti asilikali akunja opezeka ku Ukraine nkhondo ili mkati adzakhala oyenera kuwomberedwa. Finland ndi Sweden, ataona nkhondoyi, sanafune mapangano apakatikati. Analowa NATO yeniyeniyo, Finland mu Epulo 2023, Sweden mu Malichi 2024.

Ife kuno zikutikhudza pati?

Pa 2 Malichi 2022 mayiko 141 anavota ku United Nations kudzudzula Russia. Malawi ndi Zambia anali m'gulumo, pamene Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa sanavotere mbali iliyonse. Dziko laling'ono lili ndi chifukwa chomveka chotetezera lamulo loti malire sasunthidwa ndi mfuti, chifukwa lamulolo ndi limene limaliteteza kuposa asilikali ake. Koma mbali zonse zinabwera kudzakopa. Mu 2023 Malawi inalandira matani 20,000 a feteleza kuchokera ku kampani ya ku Russia ya Uralchem, pa nthawi imene mtengo wa feteleza unali utakwera zedi, mwa zina chifukwa cha nkhondo yomweyo. Mu Juni chaka chomwecho Hakainde Hichilema anali m'gulu la atsogoleri a mu Africa, limodzi ndi Cyril Ramaphosa ndi Macky Sall, amene anapita ku Kyiv ndi ku St Petersburg kukapempha mtendere, koma anabwerako opanda chogwirika. South Africa inalowa m'madzi otentha kazembe wa America, Reuben Brigety, atanena mu Meyi 2023 kuti sitima ya ku Russia yotchedwa Lady R inanyamula zida pa doko la Simon's Town. Komiti yofufuza imene Ramaphosa anakhazikitsa sinapeze umboni wa zimenezo.

Chimene chingatipweteke nthawi yaitali ndi bajeti za opereka thandizo. Mu Febuluwale 2025 Starmer analengeza kuti Britain ichepetsa thandizo la kunja kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.3 peresenti ya chuma chake kuti ionjezere ndalama zachitetezo. Mu Juni, ku The Hague, mayiko a NATO anagwirizana zokweza ndalama zachitetezo kufika pa 5 peresenti ya chuma chawo pofika 2035. Ndalama zimenezo zichokera penapake, ndipo zipatala ndi sukulu za kuno zilibe mavoti ku London kapena ku Berlin.

Kodi Ukraine ingathe kudzipangira yokha zida, isamadikirenso misonkhano?

Pa zina yafika kale patali. Madroni amene amawononga kwambiri pa malo omenyanirana amapangidwa ku Ukraine konko, ambirimbiri ndiponso otchipa. Ndi madroni a pamadzi ndi mizinga yake inakankhira kutali sitima zankhondo za Russia pa nyanja ya Black Sea, tirigu n'kuyambanso kutuluka pa doko la Odesa ngakhale Russia inachoka m'pangano lolola tiriguyo kutuluka mu Julayi 2023. Pa 1 Juni 2025 madroni obisidwa m'malole anawombera ndege zoponya mabomba pa mabwalo a mkati mwenimweni mwa Russia, mpaka ku Siberia, popanda kupempha chilolezo kwa aliyense chifukwa zidazo zinali za Ukraine yomwe. Denmark inazindikira msanga phindu la zimenezi. Kuyambira 2024 inayamba kulipira mafakitale a ku Ukraine mwachindunji, kuyambira ndi mfuti zikuluzikulu za Bohdana, ndipo mayiko ena anatengera. Chida chotere chimafika msanga, n'chotchipa, chimakonzedwa pafupi, ndipo palibe boma lachitatu loti lisaine.

Pamene pakadali povuta ndi kumwamba. Mizinga ya Russia yothamanga kwambiri monga Iskander ndi Kinzhal imagwetsedwa makamaka ndi Patriot, ndipo mizinga ya Patriot yogwira ntchito imeneyi ndi ya America, imapangidwa mazana ochepa pa chaka, ndipo ikufunidwanso ku Middle East ndi ku Asia. Kumayambiriro kwa Julayi 2025 unduna wa zachitetezo wa America unaimitsa kwa masiku angapo katundu amene munali mizinga imeneyi, ponena kuti ukuwerenga zotsala m'nkhokwe, pa nthawi imene Kyiv inkawomberedwa pafupifupi usiku uliwonse. Germany inapereka ma Patriot ake ena itagwirizana ndi Washington kuti iikidwe patsogolo pa mzere wolandira atsopano, ndipo Switzerland, imene inali itaitanitsa kale ake, inauzidwa kuti idikire.